Zigoba Zimene Ndinawotcha

Tula pansi thumbalo, Mphatso. Ndati tula, usalikoke ngati mbuzi yakufa, uswa zam'katimo. Nawe Tadala, chotsa timawaya tili m'makututo ukhale apa. Ndamva zonse zimene amayi anu anena m'mawa uja akutsika masitepe, pajatu ugonthi wanga umasankha. Ati mawa ndi tsiku la galimoto ya takataka, ndiye zinyalala za agogo zichoke pakhonde chifukwa Lamulungu kukubwera alendo a kutchalitchi. Alendo! Mawu amenewo ndi amene anandipusitsa ine kalekale, lero akufuna kupusitsanso mwana wanga. Khalani pansi, ana inu, mumve za zigoba zili m'thumbali. Ndikamaliza, amene akhale ndi mtima wokataya akataye.

Zigobazi mukuzidziwa, si inu munadya nawo zam'kati mwake? Tsiku lija bambo anu anatitengera ku phwando la abwana awo ku Runda, kuno ku Nairobi, kuja mlonda amakuyang'ana ngati wabwera kudzaba geti. Anabwera nazo pa mbale yaikulu zitagonekedwa pa ayezi, anthu onse n'kuyamba kulankhulira m'mphuno: oyisita, oyisita. Iwe Tadala unayamba wajambula kaye, kenako unafinyira ndimu, n'kumeza utatsinzina ngati ukumwa mankhwala a malungo. Utatha unandiuza kuti, "Agogo, izi simungazimvetse, ndi zakudya za anthu oyenda." Anthu oyenda! Ine amene ndinakhala zaka zinayi ndikununkha zimenezo mpaka m'malaya a kutchalitchi. Kumene zimachokerako sazitcha oyisita, amati chaza, ndipo sazimeza zaziwisi ngati adokowe. Amaziphika ndi mkaka wa kokonati, anyezi ndi tsabola, munthu n'kudyera mpunga mpaka thukuta kamukamu. Inu mumadya kuti anthu akuoneni.

Tsiku limenelo amayi anu anafuna kulowa pansi ndi manyazi atandipeza kukhitchini kwa eni ake ndikupempha zigoba m'jumbo. Sanadziwe kuti ntchitoyi ndinaiyamba kale. Loweruka lililonse ndikamati ndikukawongola miyendo, ndimakwera matatu, timinibasi ta kuno, kupita ku hotela ina ya mumsewu wa Ngong, kumene kuli wophika wina dzina lake Hamisi, mwana wa kunyanja. Iye amandisungira zigoba zimene odya asiya. Ndimabwera nazo, kuzitsuka ndi burashi, kuziyanika padzuwa miyezi ndi miyezi mpaka fungo lonse litatha. Amene akuti zikununkha akunama, chikununkha pakhondepo ndi nsapato za mpira za Mphatso.

Kuti mumvetse uchitsiru wanga, muyambe mwadziwa kumene ndinakulira. Kwathu ku Ntcheu, pa sukulu ya mishoni, chinthu chachikulu sichinali masamu kapena Chingelezi ayi. Chinali laimu. Ikangomveka mphekesera yoti kukubwera woyendera sukulu kapena abusa aakulu, maphunziro ankaima. Ena kusesa, ena kuzula udzu, ife akuluakulu kundanditsa miyala m'mbali mwa njira n'kuipaka laimu. Burashi yake sinali ya kusitolo, tinkasinja nsonga ya khonje pamwala mpaka ichite nyenyeswa. Tinkapaka miyala, tinkapaka makoma, tinkapaka mitengo kuchokera pansi kufika m'chiuno, mitengo n'kumaoneka ngati yavala masokosi. Chimbudzi chikhoza kukhala chopanda denga, ana akhoza kukhala pansi pafumbi, koma miyala ikayera mbee, aphunzitsi aakulu ankapuma bwino. Ndinakula ndikudziwa kuti mlendo salandiridwa ndi zoona, amalandiridwa ndi laimu.

Inu mukati ulendo mumanena ndege, kukwera mutadya kadzutsa, kutsika musanamve njala, n'kumadandaulabe kuti mpando unali wothina. Ine bungwe lathu la mpingo litanditumiza ku Kenya kukayang'anira ntchito ya chitukuko, ndinayenda pa basi ndi agogo anu aakazi, aNagama, amayi anu, Chisomo, ali kumsana. Kudutsa Karonga, kulowa Tanzania, masiku angapo mafupa akulira, katundu wathu yense ali m'sutikesi imodzi yachitsulo ndi mtanga wa ufa umene aNagama anakana kuusiya. Tinakafika m'mudzi wina kumwera kwa Mombasa, m'mphepete mwa khwawa la madzi amchere. Ndinatsika basi tayi ili pakhosi, kutentha kuli kwadzaoneni, ndikudziona ngati ndabwera kudzatsegula anthu maso.

Nyanja ya kumeneko si yathu ija yokhazikika. Imachoka ndi kubwerera kawiri pa tsiku. Ikachoka imasiya matope, ndi mitengo imene amaitcha mikoko, yomera m'madzi amchere momwemo, mizu yake ili pamtunda ngati zala za nkhuku. Pa mizu imeneyo ndi pamene pamamatirira chaza. Ntchito imene ndinkayang'anira inali ya gulu la amayi oweta chazazo. Mtsogoleri wawo anali Mama Mwanajuma, mayi wamfupi, wakuda bii, wa manja okhakhala ngati chikwanje chakale, wosadziwa kulemba ngakhale dzina lake. Ine ndinali ndi satifiketi ndi cholembera chofiira. Mukhoza kuona nokha amene ankadziyesa mphunzitsi pakati pa awirife.

Koma wophunzitsa anali iyeyo. Tsiku lina anatunga ndowa ziwiri za madzi a m'khwawa, ofiirira ngati tiyi wamkaka. Mu imodzi anaponyamo chaza zodzadza manja awiri, inayo anaisiya chomwecho. Anati, "Bwana Malawi, pita ukalembe zolemba zakozo, ubwere dzuwa likapendeka." Nditabwerera, ndowa yopanda kanthu ija inali idakali tiyi, koma ya chaza ija ndinkaona pansi pake. Kanyama kopanda maso, kopanda miyendo, kamangotsegula chigoba pang'ono, kukoka madzi, kudya tizinthu tili m'menemo, n'kubweza madzi oyera. Tsiku lonse ntchito yake ndi yomweyo, ndipo sikapempha alawansi ya msonkhano. Madzi akaphwa kamatseka chigoba kuti gwa, kusunga timadzi m'kati mpaka nyanja ibwerere. Ndipo Mphatso, iwe umayenda motukumula chifuwa, imva izi: chaza zambiri zimayamba moyo zili zazimuna, zikakula n'kukhwima nzeru zimasanduka zazikazi. Agogo anu aakazi atamva zimenezo anaseka sabata yathunthu.

Mwanajuma anandionetsanso kuti pamene chaza zamatirana mulu, pamakhala mudzi wathunthu. Tinkhanu, tinsomba tating'ono, tonse timabisala m'mipata mwake, ndipo mafunde akafika pamenepo amathyoka mphamvu, sakumbanso gombe. Zonsezi ndinazilemba mu lipoti, m'Chingelezi chokoma kwambiri, ngati ndazitulukira ndekha. Chimene sindinafunse n'chimodzi. Kuseri kwa ofesi yanga, pansi pa mtengo wa mango, panali mulu wa zigoba zopanda kanthu, wofika m'chifuwa mwanga. Amayi aja akatha kukonza chaza, aliyense ankabwera ndi dengu lake kudzakhuthula pamenepo. Ine ndinkangoti ndi dzala, ndipo mumtima ndinkati anthu a kunyanja ukhondo unawapita patali.

Kenako inafika kalata yoti kukubwera akuluakulu ochokera ku Nairobi kudzaona ntchito. Mtima wanga unabwerera ku Ntcheu nthawi yomweyo. Ndinayang'ana ofesi, khoma lili mbuu ndi fumbi. Ndinayang'ana njira, yopanda mwala ndi umodzi womwe woyera. Sabata yomweyo kunagwa maliro m'mudzi wa kutsidya, amayi onse a gulu anapita kumeneko masiku atatu, aNagama nawo anatsagana nawo chifukwa anali atazolowerana kwambiri. Ndinatsala ndekha ndi nzeru zanga, ndipo munthu ngati ine akatsala yekha ndi nzeru zake, mudzi uzichenjera.

Ndinakumbukira kuti mmisiri wina wa pa mishoni anatiuzapo kuti zigoba ukaziwotcha zimasanduka laimu. Ndinadziwomba pachifuwa: dzala lichoka, laimu apezeka, zonse tsiku limodzi. Ndinaitana amuna anayi ochokera kumtunda amene ankakonza msewu, tinakumba dzenje, tinayala nkhuni ndi makoko a kokonati, pamwamba zigoba, kenako nkhuni, kenako zigoba, mpaka mulu wonse unalowa. Mlonda wa pa ofesi, nkhalamba ina yotchedwa Mzee Bakari, anaima poteropo akupukusa mutu.

"Bwana, zimenezo zili ndi eni ake," anatero.

"Zinyalala zili ndi eni ake?" ndinamuyankha. "Inu ntchito yanu ndi geti, madala. Za chitukuko tisiyireni ife."

Ndinayatsa ndekha machesi. Moto unayaka tsiku lonse. Zitazizira tinathira madzi, zigoba zinachita thovu n'kusungunuka, kutuluka laimu woyera kuposa wa kusitolo. Ndinapaka ofesi, ndinapaka miyala, ndinaveka masokosi mitengo ya kokonati kuyambira pamsewu mpaka pakhomo. Ndinaima patali manja m'chiuno, ndikudziuza kuti Amalawi ndife anthu aukhondo.

Alendo anabwera pa magalimoto awiri oyera. Pakati pawo panali wakwathu wina wa ku Zomba, amene Chichewa chinali chitamuthawa kale pakamwa, moti nditati "Mwayenda bwanji, achimwene?" anandiyankha m'Chingelezi akuyang'ana wotchi. Anamwa madzi a kokonati, anajambulitsa atatsamira khoma langa loyera, mmodzi anafunsa kumene kuli chimbudzi. Nditati tiyeni kukhwawa mukaone chaza, anayang'ana matope, anayang'ana nsapato zawo, n'kunena kuti nthawi yatha. Sanaone chaza ndi imodzi yomwe. Koma pokwera galimoto mkulu wawo anandigwira dzanja, ati sanaonepo malo a ntchito osamalika chonchi.

Fumbi la magalimoto lisanathe, amayi aja anatulukira kuchokera kumaliro. Anafika pansi pa mango paja n'kuima. Mwanajuma anayang'ana dzenje la phulusa, kenako anayenda pang'onopang'ono mpaka pa khoma la ofesi, analipaka chala, n'kuyang'ana chala chakecho chitayera.

"Bwana Malawi," anatero, "ana akabwera ndi mvula, adzakhala pa khoma lakoli?"

"Ana ati, mayi?"

"Vula nsapato."

Ndinavula, ana inu, tayi ili pakhosi. Anandilowetsa m'matope mpaka m'mawondo, zigoba zikunditema kumapazi, amayi onse akutsatira m'mbuyo. Tinafika pa mathandala awo a m'madzi, pamene ankapachika zingwe. Anakoka chingwe chimodzi chakale, chotungidwa zigoba ngati mkanda, n'kundiika chigoba chimodzi m'manja. Pa chigobacho panali kadontho kochepa kuposa chikhadabo cha khanda.

"Uyu ndi mwana wa chaza," anatero. "Akabadwa amayandama m'madzi masabata awiri kapena atatu, wosaoneka ndi maso, akufunafuna pokhala. Akatera pamatope, matope amamukwirira, wafa. Amafuna polimba, ndipo pamene amakonda kuposa ponse ndi pa chigoba cha akulu ake. Akamatirira pamenepo sasunthanso mpaka imfa. Mulu uja tinauunjika chaka chonse. Zabwinozabwino tikanaziboola n'kuzitunga pa zingwe, zosweka tikanaziyala pakamwa pa khwawa pamene madzi akudya gombe. Mvula ili pafupi. Iwe watenga nyumba za ana wapaka mitengo."

Mukuganiza kuti ndinagwada n'kupepesa? Mukundidziwa pang'ono. Ndinakonza tayi ndi manja amatope n'kunena kuti asadandaule, ndilemba kalata ku likulu atitumizire zipangizo zamakono zoposa zigoba. Mwanajuma anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumene matope anandilekeza.

"Kalata," anatero. "Uiponye m'madzi kalatayo tione ngati ana adzakhalepo. Chimene watenga m'madzi, ubweze m'madzi. Kuyambira lero ndiwe Bwana Chokaa."

Chokaa ndiye laimu m'Chiswahili. Dzinalo linandimatirira kuposa chaza pa muzu. Ana a sukulu, asodzi, ogulitsa mandazi, onse Bwana Chokaa. Ndinkapsa mtima koopsa. Kunyumba nako sikunali kothawira. ANagama anandisambitsa mabala a kumapazi ndi madzi amchere, dala kuti ndimve kuwawa, akunena kuti, "Bambo a Chisomo, pakamwa muli napo, mukanafunsa. Ine amene sindinafike Sitandade 8 ndimadziwa ntchito ya mulu uja. Inu mumangodziwa kufunsa anthu ovala nsapato."

Mvula inabwera pa nthawi yake. Amayi anatolatola tizigoba tochepa m'makomo, anayesa zipande za kokonati, koma zingwe zambiri zinalowa m'madzi zili zopanda kanthu kapena sizinalowe n'komwe. Chaza zimatenga nthawi kuti zikule, ndiye chilango sichinabwere tsiku limodzi. Chinabwera mochedwa, nthawi yokolola itafika, madengu akubwerera opepuka. Amayi ena anatopa n'kusiya gulu. Kumakomo kwawo poti pamafunika kudya, amuna awo analowa m'mikoko ndi nkhwangwa kukadula milimo yogulitsa. Pamene mitengo inachoka, madzi anayamba kunyambita gombe, mpaka mtengo wa kokonati umene asodzi ankamangirirapo mabwato unagwa chagada, masokosi anga a laimu akuonekabe. Sindikunena kuti zonsezo ndi ine ndekha. Koma machesi oyamba anali m'dzanja ili.

Kalata ija ndinalemba kamodzi. Sanayankhe, ndipo sindinalembenso. Chimene chinabwera ndi kalata ina. Akuluakulu aja sanaiwale khoma loyera, anandikweza pa ntchito n'kundiitanira ku likulu kuno ku Nairobi. Mwamva bwino? Amayi anataya zokolola, ine ndinalandira mpando wozungulira. Tsiku losamuka Mwanajuma anabwera kudzatsanzikana ndi aNagama, anakumbatirana akulira, anamupsompsona Chisomo pamphumi. Ine anangondidutsa ngati chitsa.

Ndiye muziti mukamayenda m'nyumba ino ya ku Kilimani, mukamakwera lifiti, mukamadandaula kuti intaneti ikuchedwa, muzidziwa pamene zinachokera. Sukulu yabwino imene amayi anu anaphunzira, ntchito imene anapeza, Chingelezi chanu chotuluka m'mphunochi, pansi pa zonsezi pali zigoba za amayi aja. Ndakhala zaka zambiri m'misonkhano ya m'mahotela, tikukamba zoteteza nyanja titakhala pa mipando ya wofuwofu, anthu oti nyanja amaidziwira pa khonde la hotela. Ndinkawanyoza mumtima, koma pa tebulo lonselo amene anawotchapo mulu wa zigoba ndi manja ake ndinali ine ndekha. Manyazi amenewo sanandichoke, ndipo agogo anu aakazi sanalole kuti andichoke. Ngakhale m'chipatala muja, masiku awo omaliza, anandiyang'ana n'kunena kuti, "Bwana Chokaa, simunabwezebe."

Hamisi wa kuhotela uja kwawo ndi kufupi ndi mudzi umenewo. Ndi iye anandiuza kuti Mwanajuma anamwalira, koma gulu lilipo, akulitsogolera mwana wake Saumu, amene ankasewera ndi amayi anu pamchenga onse ali mbulanda. Akuti akubzalanso mikoko, ndipo zigoba n'zosowa chifukwa chaza zabwino zonse zimakwera galimoto kubwera kuno, kudzadyedwa ndi anthu oyenda, zigoba zake n'kuthera ku dzala la mzinda. Nyumba za ana zikuthera m'galimoto ya takataka, ndipo inu mumafuna kuwonjezerapo thumba langa.

Ndikudziwa kuti thumba limodzi si mulu wofika m'chifuwa. Sindine mwana. Koma ndi limene manja awa akwanitsa, ndipo mvula ya kunyanja ili pafupi. Ndikanapita ndekha, koma mawondo awa masitepe a pakhomo pano okha amawaliza, ndipo adokotala andiletsa ulendo wautali. Iwe Tadala, Lachisanu ukukwera sitima kupita ku Mombasa ndi anzako, kukagona pamchenga ndi kujambula mapazi anu. Sutikesi yako ndaiona, muli nsapato mapeyala asanu za munthu wa miyendo iwiri. Malo a thumba ili sangasowe.

Usandiyang'ane choncho. Ukuopa kuti anzako akuseka ukamakoka thumba la zigoba pa siteshoni? Akuseka ndithu. Ine anandiseka mudzi wathunthu, ndipo iwo anali ndi chifukwa.

Wati chiyani? Kweza mawu, khutu ili ndi lija losankha. Ukufunsa kuti ukatsika sitima ukwere matatu ati? Mphatso, thamanga ukatenge cholembera ndi pepala pa tebulo langa, ndimulembere mlongo wako njira yonse, kuyambira pa feri yowolotsa anthu pa Mombasa mpaka pa mtengo wa mango, ngati udakalipo. Thumbalo ulichotse pakhonde monga anenera amayi ako, alendo awo apeze poyera. Ukaliike m'chipinda cha Tadala, pafupi ndi sutikesi.

Ukakafika, mwana wanga, ukavule nsapato usanauzidwe. Ukafunse Saumu. Akakakufunsa kuti wakutuma ndani, usakatchule dzina langa la pa chiphaso, kumeneko salidziwa. Ukanene kuti ndiwe mdzukulu wa Bwana Chokaa. Akakaseka, uwasiye aseke. Akakatukwana, ukaime pomwepo umve zonse, udzandiuze osasiyako liwu ndi limodzi. Koma usakachoke pagombepo usanaone ndi maso ako zigobazi zitalowa m'madzi.